Mawu awa ndi a Kernewek kapena ndi Chingerezi cha ku Cornwall?

Nachisale:
Akuluakulu, pa Facebook pakuyenda mndandanda wa mawu omwe akuti ndi a chinenero cha ku Cornwall, dera la kum'mwera chakumadzulo kwa England: emmet, dreckly, crowst, wheal, oggy, ansum, zawn, padgy-pow. Ena mwa iwo akungooneka ngati Chingerezi chopindika lilime. Kodi ilipo njira yodalirika yopetera kuti mphale ipite kwake, gaga kwake?

Mbewe:
Ilipo, mayi Nachisale, koma tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zomwe olemba mindandanda yotere amazithira mu mphika umodzi. Kernewek ndi chinenero pachokha, cha banja la Chikeluti, mbale wake wa Chiwelishi ndi Chibretoni cha ku France. Mngerezi sangamvemo kanthu. "Meur ras" ndiye zikomo, "dydh da" ndiye moni wa masana. Chinacho ndi Chingerezi chomwe amayankhula anthu a ku Cornwall, chomwe chili ndi kamvekedwe kake ndi mawu ake, ndipo ena mwa mawuwo, osati onse ayi, anatsalira kuchokera ku Kernewek pamene anthu ankachisiya.

Pa mndandanda wanuwo, dreckly ndi directly wa Chingerezi, kungoti tanthauzo linatembenuka n'kukhala "ndichita nthawi ina, musandithamangitse". Ansum ndi handsome wodulidwa mutu. Emmet, lomwe amatchulira alendo odzaona malo m'chilimwe, ndiye limapusitsa anthu ambiri chifukwa silimveka ngati Chingerezi cha lero, koma ndi liwu la Chingerezi chakale lotanthauza nyerere, ndipo linkamveka m'madera ambiri a kum'mwera kwa England. Nyerere m'Kernewek ndi moryon, ndipo liwu limenelo linatsaladi m'kamwa mwa anthu a kumadzulo kwa Cornwall ngati muryans. Wheal, zawn, oggy ndi padgy-pow ndi a Kernewek enieni. Crowst ali ndi nkhani yakeyake.

Gama:
Ndionjezere pa padgy-pow, chifukwa liwu limeneli lili ngati chidindo cha tsiku. Ndi dzina la kabuluzi ka m'madzi, ndipo likuchokera ku mawu awiri, "zinayi" ndi "phazi la nyama". M'Kernewek cha zaka zapakati, zinayi ankati peswar. Pofika m'zaka za m'ma 1600, kumadzulo s uja anali atasanduka j, n'kumati pajar. Ndiye mukamva padgy, mwadziwa kale zinthu ziwiri: liwulo ndi la Kernewek, ndipo linalowa m'Chingerezi mochedwa, chinenerocho chili kumapeto a moyo wake.

Chidindo china ndi d kapena b woyamba kumveka patsogolo pa n ndi m. Penn, mutu, anakhala pedn. Mamm, mayi, anakhala mabm. Gwynn, choyera, anakhala gwydn. N'chifukwa chake kambalame kakang'ono ka mutu wabuluu amakatcha pednpaly, gombe la ku St Ives n'kukhala Porthgwidden, ndipo lina la pafupi ndi Porthcurno n'kukhala Pedn Vounder. Kum'mawa kwa Cornwall simupeza pedn, chifukwa kumeneko chinenerocho chinali chitazilala kale kusinthaku kusanafike.

Nachisale:
Zikomo a Gama. Koma munthu wosadziwa zidindo zimenezi ayambire pati? Si kungotsegula dikishonale ya Kernewek n'kuona ngati liwulo lilimo?

Nabanda:
Ayi achemwali, msampha waukulu uli pomwepo. Madikishonale a Kernewek cha lero anayamba ndi Robert Morton Nance, yemwe anatulutsa kalembedwe kake mu 1929 ndi dikishonale mu 1938. Zolembedwa zakale zinali zochepa ndipo zambiri zinali za chipembedzo, choncho mawu a zinthu za tsiku ndi tsiku ankasowa. Pofuna kutseka mipata, Nance ankatenga mawu m'Chingerezi cha asodzi ndi anthu a m'migodi n'kuwaveka masipelo a Kernewek, ena n'kuwaumba potengera Chiwelishi ndi Chibretoni. Ndiye mukapeza liwu la m'mudzi m'dikishonale yotere n'kunena kuti "onani, likuchokera ku Kernewek", mwina mwangozungulira nyumba n'kulowera khomo lomwe munatulukira. Liwulo linalowa m'dikishonale kuchokera kumudzi komweko.

Njira yake ndi iyi. Choyamba fufuzani liwulo m'mabuku a mawu a m'derali a zaka za m'ma 1800. Lofunika kwambiri ndi la 1880, lomwe Margaret Courtney analemba chigawo cha kumadzulo ndipo Thomas Quiller Couch cha kum'mawa. Kugawa kumeneko n'kothandiza zedi, chifukwa liwu lopezeka kwa Courtney koma losowa kwa Couch layamba kale kununkhira Kernewek. Palinso la Fred Jago la 1882, koma iye anali wofulumira kupatsa liwu lililonse kholo la Chikeluti, ndiye muzimuwerenga ndi diso limodzi lotsegula.

Kenako pitani ku dikishonale yaikulu ya Joseph Wright ya mawu a m'madera onse a England, yomwe inatuluka pakati pa 1898 ndi 1905. Onani maboma omwe liwulo lalembedwa. Likapezekanso ku Somerset, Dorset kapena Yorkshire, lisiyeni, ndi Chingerezi. Likapezeka ku Cornwall ndi m'malire a Devon okha, musafulumire kuweruza, chifukwa anthu a m'migodi ankawoloka mtsinje wa Tamar ndi mawu awo.

Mukatero m'pamene muyang'ane ngati liwulo lili m'zolembedwa za Kernewek za chaka cha 1800 chisanafike. Dikishonale ya Ken George, Gerlyver Meur, imaika zizindikiro pa liwu lililonse zosonyeza komwe linapezeka ndi kuchuluka kwa malo omwe likupezeka, ndiye mumadziwa ngati ndi lakale kapena loumbidwa dzana. Pomaliza funsani abale: kodi Chiwelishi ndi Chibretoni zili ndi liwu lofanana nalo, ndipo kusiyana kwa mamvekedwe kukutsata malamulo odziwika?

Mbewe:
Pa sitepe yachitatuyo pali pomwe ambiri amagwa, osati chifukwa liwulo mulibe, koma chifukwa akulifuna pa chilembo cholakwika. M'Kernewek konsonanti yoyamba ya liwu imasintha malinga ndi liwu lomwe lili patsogolo pake. Ife a Chichewa izi sizitidabwitsa: phiri, mapiri, khasu, makasu, tsamba, masamba. Mlendo wofuna "mapiri" pa chilembo p popanda h akhoza kunena kuti liwulo kulibe.

Kwawoko zimayenda chonchi. Kufewa: p akhala b, t akhala d, k akhala g, b ndi m onse akhala v, d akhala dh, ndipo g amagwa kapena kukhala w. Mphaka ndi kath, koma ndi "an" patsogolo, pakuti ndi dzina lachikazi, akhala an gath. Mkazi ndi benyn, an venyn. Palinso kusintha kwina pambuyo pa ow, kutanthauza "wanga": tas, bambo, akhala ow thas, penn akhala ow fenn, kath akhala ow hath.

Tsono mawu ambiri analowa m'Chingerezi atavala kale chovala chosinthikacho. Cheel vean, kamwana, vean wakeyo ndi byghan, chaching'ono. Mukamufuna pa v simumupeza. Morgy, shaki yaing'ono ya m'mbali mwa gombe, ndi mor, nyanja, ndi ki, galu, k atafewa n'kukhala g. Nsomba yotchedwa wrasse, yomwe dzina lake lafika mpaka m'mabuku a sayansi, ndi gwragh, nkhalamba yaikazi, g atagwa. Ngakhale Vounder wa a Gama uja ndi bownder, kanjira ka ng'ombe. Lamulo la m'manja: liwu likayamba ndi v yesani b ndi m, likayamba ndi g yesani k, likayamba ndi w yesani gw, likayamba ndi z yesani s. Zawn, phompho lopapatiza lomwe nyanja yakumba m'thanthwe, mumupeza pa s.

Chisale wa ku Kitwe:
A Mbewe, za m'migodi musazidumphe, chifukwa kumeneko n'komwe anthu amakokomeza kwambiri. Poti migodi ya tini ndi kopa ya ku Cornwall inatchuka, ena amayesa liwu lililonse la pansi pa nthaka ndi Kernewek. Enieni ndi awa: wheal, kuchokera ku hwel, ntchito, lomwe m'makalata akale limalembedwa huel, ndipo lili m'mayina monga Wheal Jane ndi Wheal Coates. Bal, malo a mgodi, lomwe linakwatirana ndi liwu la Chingerezi n'kubala bal maiden, akazi ndi atsikana omwe ankaphwanya miyala pamwamba pa mgodi ndi nyundo. Vug, kaphanga ka m'mwala momwe mumamera timiyala tonyezimira, lomwe akatswiri a miyala padziko lonse amaligwiritsa ntchito lero. Gossan, chipewa chofiira ngati dzimbiri chomwe chimakhala pamwamba pa mtsempha wa miyala ya chitsulo, ambiri amachilumikiza ndi liwu la Kernewek la magazi. Buku la William Pryce la za migodi la 1778 lili ndi mndandanda wa mawu otere kumapeto kwake, ndipo ubwino wake ndi woti linalembedwa okalamba ena odziwa chinenerocho akadali moyo.

Koma kibble, chidebe chachitsulo chokwezera miyala, ndi stull, denga la matabwa la mkati mwa mgodi, akatswiri amati anachokera ku Chijeremani. Stope, lode ndi shaft nawonso si a Kernewek. Udindo wa mine captain womwe ulipo mpaka lero m'migodi ya ku Copperbelt ndi ya ku Joni unayenda ndi anthu a ku Cornwall omwe anabalalikira ku Kimberley ndi Johannesburg, omwe ankatchedwa ma Cousin Jack. Mwambowo ndi wa ku Cornwall, koma liwulo si la Kernewek.

Gama:
Ndipo wina asadzanene kuti kapitawo wathu anabwera ndi ma Cousin Jack. Ameneyo ndi wa Chipwitikizi, anakwera ndi Zambezi limodzi ndi nsapato ndi kalata.

Kalata yemweyo atithandize pa crowst. Crowst ndi kachakudya ka m'mawa ka pa ntchito, ndipo amatero kumadzulo, pomwe chapakati ndi kum'mawa amati crib. Muzu wake ndi liwu la Chifalansa chakale, lochokera ku Chilatini, lotanthauza khungu louma la buledi. Koma Kernewek chinalibwereka kalekale, n'kulisunga ndi tanthauzo la chakudya, kenako n'kulisiyira Chingerezi cha m'derali. Ndiye ndi la Kernewek monga momwe kalata alili wa Chichewa. Pofufuza muzilekanitsa mafunso awiri: liwu linabadwira kuti, ndipo linadzera khomo liti. Masewero akale a Kernewek adzaza ndi mawu obwereka ku Chingerezi ndi Chifalansa, moti kungoona muzu wachilendo si chifukwa chotayira liwu.

Nachisale:
Zolembedwa zakale zomwe mukutchulazi ndi zingati kwenikweni? Ndipo n'chifukwa chiyani kum'mawa ndi kumadzulo kukusiyana chonchi?

Nabanda:
Zonse pamodzi zingakwane pa shelefu imodzi yaifupi. Chakale kwambiri chothandiza pa mawu ndi Vocabularium Cornicum cha m'ma 1100, mndandanda wa mawu oposa 900 a Chilatini ndi Kernewek. Kenako masewero atatu a Ordinalia a kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, omwe ambiri amati analembedwa ku Glasney College ku Penryn, ndakatulo ya masautso a Yesu, sewero la Beunans Meriasek la 1504, maulaliki omwe John Tregear anamasulira m'zaka za m'ma 1550, ndi sewero la chilengedwe cha dziko lomwe William Jordan anakopera mu 1611. Sewero la Bewnans Ke linangotulukira mu 2000 m'nyumba yosungira mabuku ya dziko la Wales ku Aberystwyth, ndipo linabweretsa mawu omwe madikishonale akale analibe. Za nthawi yomaliza tili ndi zolemba za banja la Boson la ku Newlyn ndi za Edward Lhuyd, yemwe anayendera Cornwall mu 1700 n'kusindikiza zomwe anamva mu 1707. Lhuyd ndi wamtengo wapatali chifukwa ankalemba momwe mawu ankamvekera, koma anali Mwelishi, ndipo pena ankadzaza mpata ndi liwu la kwawo. Liwu lopezeka kwa Lhuyd yekha, lofanana ndendende ndi Chiwelishi, muzilikayikira.

Za kum'mawa ndi kumadzulo, chinenerocho chinkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kulowera ku Land's End, nsonga ya kumadzulo kwenikweni kwa Cornwall, kwa zaka mazana asanu kapena kuposa. Mayina a malo amasunga mapazi ake. Cha m'ma 1100 ndi 1200, t wakumapeto anasanduka s: nant, chigwa, anakhala nans. Ndiye kum'mawa mupeza Trenant, kumadzulo Trenance. Liwu la nkhalango kum'mawa limathera pa t ngati mu Trequite, kumadzulo limamveka goose kapena coose. Komwe kuli t, Chingerezi chinafika kusinthaku kusanachitike.

Zotsatira zake n'zodabwitsa pang'ono. Kum'mawa anthu anatengera Chingerezi kwa anansi awo a ku Devon, ndiye amayankhula ngati iwo, f kumveka v ndipo s kumveka z. Kumadzulo anachiphunzira mochedwa, kwa abusa, eni minda ndi amalonda, ndiye katchulidwe kawo kali pafupi ndi Chingerezi cha anthu ophunzira a nthawi imeneyo, koma m'kati mwake muli mawu a Kernewek ochuluka. Martyn Wakelin anazifotokoza m'buku lake la 1975 pogwiritsa ntchito kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1950 yemwe anafunsa okalamba m'midzi 7 ya ku Cornwall.

Chisale wa ku Kitwe:
Chomwe chinathyola msana chinali 1549. Boma la mfumu Edward VI litalamula kuti mapemphero onse azichitika m'Chingerezi, anthu a ku Cornwall ndi Devon anaukira, ndipo m'madandaulo awo analemba kuti ena mwa iwo samva Chingerezi. Anagonjetsedwa ndipo anthu masauzande anaphedwa. Glasney inali itatsekedwa chaka chapitacho. Awelishi analandira Baibulo lonse m'chinenero chawo mu 1588, koma a Kernewek Chipangano Chatsopano anachiona mu 2002 ndipo Baibulo lathunthu mu 2011. Womaliza kuchiyankhula anali Dolly Pentreath wa ku Mousehole, yemwe anamwalira mu 1777.

Mbewe:
Pa Dolly pokhapo ndikutsutseni pang'ono, achimwene. Chipilala chomwe Louis Lucien Bonaparte anaimika pa tchalitchi cha m'mudzi wa Paul mu 1860 n'chomwe chinakhazikitsa mbiri imeneyo, koma msodzi wa ku Mousehole komweko, William Bodinar, analemba kalata m'Kernewek mu 1776 yonena kuti anachiphunzira popita kunyanja ndi madoda, ndi kuti m'mudzimo munatsala anthu anayi kapena asanu ochiyankhula. Iye anamwalira mu 1789. Mu 1875 Henry Jenner ndi m'busa Lach-Szyrma anapeza okalamba cha ku Newlyn ndi Mousehole akutha kuwerenga mpaka 20 m'Kernewek, ndipo John Davey wa ku Boswednack, yemwe anamwalira mu 1891, ankadziwa kandakatulo ndi mawu ena. Pa nkhani yathuyi zimenezi n'zofunika, chifukwa zikusonyeza komwe mawu anabisala: pa ntchito za manja, m'bwato, m'khola, ndi pa tizilombo tomwe mphunzitsi wa kusukulu sankatitchula. Quilkin ndi chule. Mabyer ndi msoti, kuchokera ku mab, mwana, ndi yar, nkhuku. Bowjy ndi khola la ng'ombe, crow ndi khola la nkhumba, towan ndi mulu wa mchenga wa kugombe, guldize ndi phwando la pomaliza kukolola.

Za asodzi ndiye nkhokwe, ndipo Nance anazisonkhanitsa m'buku la mawu a kunyanja lomwe linatuluka mu 1963 iye atamwalira kale. Nthawi ya nsomba za pilchard, zomwe zili ngati usipa koma zazikulu, munthu wotchedwa huer ankaima pamwamba pa thanthwe kuyang'ana mtundu wa madzi. Akaona gulu la nsomba ankakuwa kuti "hevva!", kenako n'kumalozera mabwato ndi zitsamba ziwiri m'manja komwe aponye khoka. Kanyumba koyera ka huer kakadalipo ku Newquay, ndipo keke yosafufumitsa ya ufa, mafuta ndi mphesa zouma, yolembedwa mizere ngati ukonde pamwamba, imatchedwabe hevva. Hevva amamuwerengera ku Kernewek, koma huer ndi wa ku Chifalansa. Ndipo nsomba zomwezo zikathiridwa mchere kwa mwezi, n'kupanikizidwa m'migolo kuti mafuta atuluke, zopita ku Italy, ankazitcha fairmaids. Pamenepo palibe namwali aliyense, ndi fumados wa Chisipanishi, nsomba zofutsa ndi utsi. Mawu atatu pa gombe limodzi, makolo atatu.

Gama:
Fairmaids wandikumbutsa matenda ena, a khutu lofuna kumva liwu lodziwika. Redruth anthu amayesa red wakeyo ndi kufiira. Ayi, chigawo choyamba ndi liwu la powolokera mtsinje, ndipo ruth ndiye kufiira, pakuti m'Kernewek mfotokozi nthawi zambiri amabwera pambuyo pa dzina monga m'Chichewa. Msewu wa Market Jew ku Penzance ulibe chochita ndi Ayuda, ndi Marghas Yow, msika wa Lachinayi. Penzance yemweyo ndi penn ndi sans, mutu wopatulika wa mtunda wolowa m'nyanja. N'chifukwa chake eni dera amatsindika chigawo chachiwiri, PenZANCE, RedRUTH, pomwe pa Camborne amatsindika choyamba chifukwa kumeneko mfotokozi, kamm, chokhota, ndiye ali patsogolo. Kutsindikako ndi umboni pakokha mukamamasula dzina. Buku lodalirika pa mayina a malo ndi la Oliver Padel la 1985, ndipo lamulo lake n'loti musamasulire dzina musanaone momwe linkalembedwera m'zolembedwa zakale.

Nachisale:
Nanga kayalidwe ka ziganizo? Ena akuti "I d' go" wa kumadzulo, woika do paliponse, anachokera ku Kernewek.

Nabanda:
Mkangano umenewo sunathe. Kernewek chimagwiritsadi ntchito mneni gul, kuchita, ngati wothandizira: my a wra mos, kutanthauza "ndimapita". Koma do wosatsindika yemweyo amamveka ku Somerset, Dorset ndi Wiltshire, komwe Kernewek sichinafikeko. Chomwe munthu anganene mosaopa n'choti anthu a kumadzulo anapeza m'Chingerezi kapangidwe kofanana ndi ka kwawo n'kukagwiritsitsa. Kunena kuti anachita kukabweretsa okha n'kupitirira umboni.

Chenjezo lomaliza pofufuza ndi masipelo. Liwu limodzi mukhoza kulipeza m'zovala zinayi. Pali kalembedwe ka Nance ka 1929, Kernewek Kemmyn ka Ken George ka m'ma 1986 ndi 1987, ka Richard Gendall kotsamira pa chinenero cha nthawi yomaliza, ndi ka Nicholas Williams ka 1995. Magulu amenewa anakokanakokana zaka pafupifupi 20. Boma la Britain litavomereza chinenerochi mu 2002, panafunika kalembedwe kamodzi ka m'sukulu ndi pa zikwangwani, ndipo kanagwirizanidwa mu 2008. Ngakhale kameneko kamalola penn ndi pedn, komanso hw ndi wh, k ndi c. Dikishonale ya pa intaneti ya Akademi Kernewek, bungwe losamalira chinenerochi, imatsata kalembedwe ka 2008. Ndiye liwu likakusowani pa hw yesani wh, likasowa pa kw yesani qu, ndipo kwilkyn ndi quilkin muwaone ngati chule mmodzi.

Mbewe:
Watsala oggy, mayi Nachisale. Ndi chidule cha hoggan, mkate wolimba wa ufa wa balere womwe anthu a m'migodi ankatenga kuntchito, pena muli kanyama ka nkhumba, ndipo m'Kernewek ndi hogen. Dzinalo linasamukira pa pasty, chitumbuwa chopinda chija cha nyama ya ng'ombe, mbatatesi, anyezi ndi muzu wozungulira wachikasu wotchedwa swede. Pa mndandanda wanu lembani oggy ku mbali ya Kernewek, koma pasty mumuike kwa Afalansa limodzi ndi huer.